Makutu a Woimba Ng'oma

Koma chimene chinamuvuta kwambiri gogoyu n'chakuti woimba gitala ya besi anali atasintha malo. Chiyambire bandi ija kuimba nyimbo za roko, tsitsi lawo lisanatuwe, mkuluyo ankaima kumbali, kuseri kwa mbale zachitsulo za ng'oma. Lero waima kutsogolo kwenikweni kwa amuna ake a gogoyu, oimba ng'oma, phazi likugunda pansi ngati akupha nyerere. Munthutu sasamuka popanda chifukwa, ndipo wokuyandikira mwadzidzidzi uzimuyang'ana m'manja.

Gogoyu anakhala kumapeto kwa holo, pakati pa mipando yosanjikizana, jekete ya amuna ake ili pamiyendo, dzuwa la masana likuonetsa fumbi. A bandiwo anali kuyeserera ulendo wokaimba kutali. Ndipo pakhomo paja woimba wamkulu, munthu wosadziwa kupereka moni, anamupukutira mpando, n'kufunsa moseka kuti alamu, bwanji masiku ano foni ya achimwene mumayankha ndinu. Iye anati manja awo amakhala otanganidwa. Woimbayo anaseka, inde anaseka, koma mano sasonyeza zamumtima.

Chinsinsi chinali makutu a amuna ake. Kunyumba ketulo imalira mpaka madzi kuuma iwo ali pomwepo, mdzukulu amaitana agogo aamuna mpaka kulira, iwo ali phee, zala zikugogoda bondo. Kalekale ankawauza kuti aziika thonje, iwo n'kumati ng'oma imamveka ndi m'mimba, ndiye anasiya kunena. Anasiyiranji, pakamwa pake pomwe sipatopa ndi za machesi, za mseu, za madzi owira? Tsopano anthuwa akadziwa, mpando umene bambowa anaukhalira bandi isanakhale n'dzina apatsa wina, ndipo mwamuna wochotsedwa pa ng'oma sachedwa kugona osadzukanso, iye anawaonapo otere.

Wawauza ndani? Mwina mwana wawo wamkazi, amene amapangitsa tsitsi malo amodzi ndi mkazi wa woimba wamkulu. Kumeneko pakamwa sipakhala chotseka. Kapena ndi iye mwini, chitsiru, amene potsika basi anayamba wawagwira phewa asanalankhule, wa besi akuona. Kapena palibe wanena, angomva okha, poti ndi anthu a makutu.

Amuna ake asanakwere pa siteji, gogoyu anawakokera kukhoma, n'kuika nkhope yake pafupi kuti aone milomo.

"Bambo, lero musatsinzine. Muziyang'ana gitala."

Poti nyimbo ikamatha wa gitala amakweza gitala yake n'kuigwetsa, onse n'kulekera pamodzi, ndipo wosamva akhoza kuona. Iwo anagwedeza mutu, kugwedeza komwe amagwedezera chilichonse masiku ano, ngakhale ukawafunsa ngati akufuna shuga.

Nyimbo zoyamba zinayenda bwino, timitengo tikuuluka monga kale, mpaka gogoyu anayamba kudzitsutsa kuti mwina mantha ndi ake okha, mwina wa besi wangothawa chingwe cha magetsi. Kenako anayamba nyimbo yakale ija, imene anthu ankathyolera mipando, ndipo iye anaona mapewa a amuna ake akumasuka, mutu ukupendekera kumbuyo, kukoma kukuwalowa. Kukoma ndiye mdani, munthu amagwa pokondwa. Zikope zinatsika.

Gitala inakwera, n'kugwa. Onse analeka.

Ng'oma zokha zinapitirira m'holo yopanda anthu, zamphamvu, zosaphonya, bambowo akumwetulira. Gogoyu anafuna kuimirira koma jekete inamulemera ngati mwana wogona. Wa besi anayang'ana pansi, kenako analowanso, pang'onopang'ono, ngati ndi mmene anapanganira. Wa gitala naye anatsatira. Chisoni kodi, kapena akuwasiya kuti adzikumbire okha? Woimba wamkulu sanabwerere pa maikolofoni. Anaima manja ali m'thumba, ndipo sankayang'ana achimwene ake ayi. Maso ake anadutsa mipando yonse ija, n'kudzaima pa iye.