Tsiku Lopita kwa Wamng'ono

Mayi telala anadikira miyezi itatu kuti afike pawindo la ofesi ya maviza. Ana awo aakazi awiri anakwatiwa kunja, m'mayiko oyandikana a dera lina lomwe amalitama kuti lilibe malire, viza imodzi imakwanira monse. Podziwa nsanje ya anawo, mayiwo anagawa ulendo ngati akudula nsalu: sabata kwa wamkulu, sabata kwa wamng'ono.

Kalaliki anawerenga fomu osadzutsa mutu.

"Mayi, ino ndi ofesi ya dziko la wamng'onoyu. Viza imachokera kudziko lomwe mukakhale masiku ambiri. Masiku akafanana, imachokera kudziko lomwe mukafikire koyamba. Inu mukayambira kwa wamkulu. Kalembetseni ku ofesi ya dziko limenelo."

"Miyezi itatu inanso, mwananga? Paja amati kulibe malire?"

"Kulibedi. Onse tinawasamutsira pawindo pano."

Mayiwo anakumbukira adzukulu omwe ankangowaona pafoni. Anabwereka cholembera, n'kuchotsa tsiku limodzi kwa wamkulu, kupatsa wamng'ono. Kalaliki analandira fomuyo.

Asanafike n'komwe kunyumba, wamkulu anaimba foni. Mng'ono wake anali atamudyetsa kale nkhaniyo.

"Zikomo kwambiri, amayi. Zoti mumakonda mng'ono wangayu ndinkangoziganizira. Lero zili ndi chidindo cha boma."