Mbale ya Pansi pa Mphika

Chomera chija mkazi wanga ankachitcha Makutu, chifukwa masamba ake ndi otambalala ngati makutu a njovu. Chimakhala pakhonde, mumphika wadothi wofika m'mawondo, ndipo pansi pa mphikawo pali mbale yachitsulo. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ntchito yothirira inali yanga: ndowa imodzi m'mawa uliwonse. Iye ankangopukuta masamba ndi kansalu, uku akung'ung'udza nyimbo.

Atamwalira, sindinadumphitse tsiku. Komabe masamba anayamba kuchita chikasu, limodzilimodzi, kuyambira m'munsi. M'mawa kunsonga kwa tsamba lililonse kunkalendewera kadontho. Ndikasuzumiramo ndinkaona khonde lonse litazondoka, mipando yathu iwiri ikuyandama m'mwamba. Ndinkaima pomwepo mpaka tiyi kuzizira, kenako n'kuwonjezera madzi.

Loweruka lina kunabwera mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu. Anapisa chala m'dothi n'kuchinunkhiza.

"Alamu, mwayamba ulimi wa mpunga kodi?"

"Ndikuthirira monga kale."

"Monga kale! Nanga mbaleyi amakhuthula ndani?"

Ndinawerama. Mbale inali tho ndi madzi obiriwira, timphutsi ta udzudzu tikuvinamo.

"Imauma yokha," ndinatero.

Anaseka mpaka kugwira chipilala. "Ndi sukulu yanu yonseyo! Akulu anga ankadikira kuti mutuluke pageti, n'kupendeketsa mphika, n'kutaya madzi anu onse. Tsiku ndi tsiku."

"Bwanji osandiuza?"

"Ankati, 'Asiyeni bambowo, ndi mmene amanenera zamumtima.'"

Tinagoneka mphika pa thumba n'kusolola chomera. Mizu yambiri inali yakuda, yofewa ngati ulusi wonyowa, ndipo tinaidula ndi mpeni. Yoyera inatsala yowerengeka. Tinathira dothi latsopano losakaniza ndi mchenga.

"Chala chizilowa chonse," anatero mlamu potsanzika. "Chikatuluka chonyowa, ndowa muisiye. Mwamva, aphunzitsi?"

Tsopano m'mawa ndimapisa chala, ndipo masiku ambiri chimatuluka chonyowa. Manja amasowa chochita. Kansalu kaja ndinakapeza pamsomali kuseri kwa chitseko, kali gwa ndi fumbi. Ndinakachapa. Masamba atsala atatu, koma kupukuta limodzi lokha kumatenga nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Mitsempha yake imapita kutali, ngati misewu ya dziko limene sindinafikeko. Nyimbo ija ndimangoikumbuka poyambira.

Lero pakati pa mapesi patuluka kanthu kobiriwira, kokulungika ngati ambulera yotseka. Ndowa inali pafupi, yodzaza. Ndaisuntha ndi phazi, ndakhala pampando.