Wosakwatira

Mlamu wake wa Loya anaika chala pamzere wachisanu wa chikalata cha imfa, n'kuchikankhira kwa iye patebulo. Panali patadutsa masiku atatu chiikireni maliro a achimwene ake a Loya, mwamuna wa mlamuyo, ndipo mipando yobwereka inali ikadali pakhonde.

Loya anawerenga. Dzina linali bwino, zaka zinali bwino, ntchito analemba kuti wokonza magetsi. Pofunsa ngati malemu anali pabanja, panali liwu limodzi: wosakwatira.

Amene anakalembetsa imfayo anali malume, ndipo sanakane. Anati kalaliki anawafunsa, iwo n'kuyankha zimene ankadziwa. Ukwati wa ku ofesi Lachiwiri m'mawa, wa mboni ziwiri zotola pamzere, iwo sanauone. Chimene anaona ndi mtsikana wa dziko lina wofuna mapepala, ndi mwana wa mlongo wawo wosadziwa kukana.

"Kapena ndalakwa, a Loya?"

Dzinalo anam'patsa ndi malume omwewo, iye atasiyira panjira maphunziro a zamalamulo m'chaka chachiwiri. Mlamu wakeyo pakhomopo ankangom'tchula kuti Mlendo, ngakhale anali atatha chaka ndi miyezi akutsuka makapu omwewo.

M'mawa mwake Loya anam'perekeza ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Anatenga nambala, n'kukhala pabenchi yachitsulo mpaka dzuwa litapendeka. Mlamuyo anakumbatira fayilo imene mwamuna wake anaisanja yekha: mtchatho wa ukwati, zithunzi, pangano la lendi la mayina awiri, ndi kalata yowaitana onse awiri kukafunsidwa mafunso kumapeto kwa mwezi.

Mayi wa pawindo lachitatu anafotokoza osakweza mawu. Pempho loti mkazi akhale m'dziko linali la mwamuna, ndipo mwini pempho akamwalira, pempho limafa naye. Kampata ka akazi amasiye kalipo, koma chikalata cha imfa chiyenera kumutchula mkaziyo.

"Apa boma likuti munakwatiwa. Apa boma lomwelo likuti bamboyu sanakwatire. Ine ndimvere boma liti?"

Anati njira ndi imodzi: amene anakalembetsa imfa apite yekha akalumbire kuti analakwitsa. Chilolezo chimene mlamuyo anali nacho chinatsala ndi masabata awiri.

Atafika kunyumba, mlamuyo anawiritsa tiyi, n'kuwapatsira malume m'kapu imene ankaikonda. Anaima pambali pa mpando, akupinda m'mphepete mwa bulauzi yake. Chichewa chake chinali chophunzira kukhitchini ndi kuchipinda, ndipo akachita mantha chinkam'thawa.

"Malume, si mapepala. Ine ndinam'kwatira zoona."

Malume anaseka mpaka tiyi anatayikira m'sosa, n'kutembenukira kwa amayi a malemu.

"Mwamva, chemwali? Akuti anam'kwatira ndi iyeyu. Wanu uja ndiye anakwatiwa. Nanga ine ndanama pati?"

Mlamuyo anayang'ana Loya kuti amuuze chimene walakwitsa. Loya anayang'ana pansi. Achimwene ake ankaseka naye cholakwa chomwechi tsiku ndi tsiku, ndipo sanam'konzepo. Ankati mkazi amene anawoloka malire atatu ali ndi ufulu wonena kuti anakwatira.

Malume anati pa msinkhu wawo sangakakweze dzanja pamaso pa mwana wovala tayi n'kunena kuti ananamiza boma. Anafunsa ngati a Loya akudziwa ndime ya lamulo yowakakamiza. Loya anafufuza m'mutu mwake zaka ziwiri zija, osapezamo kanthu.

Amayi, amene chiikireni maliro anali asanalankhule zoposa moni, anati, "Achimwene, mungopita. Si kutali."

Malume anati aganiza. Kutacha anakwera basi yobwerera kwawo, ndipo foni yawo inayamba kumangoti sakupezeka. Loya anabwerera ku ofesi kawiri, atavala jekete ya malemu, kukapempha kuti alumbire ndi iyeyo. Kawiri konse anamuuza kuti dzina lake silili pafomu.

Masabata awiri aja anatha. Tsiku lolongedza katundu, mlamuyo anayala sutikesi pabedi. Amayi anakhala pampando wa pakhomo la chipinda, manja ali pamiyendo. Loya ankakhuthula bokosi la zipangizo la malemu kuti alibweze kuntchito kwawo, ndipo pansi pa mapulayala ndi zidutswa za waya anapeza kakope kodetsedwa ndi girisi.

Munali mafunso amene achimwene ake anamva kuti amafunsa ku ofesi kuja pofuna kugwira maukwati abodza. Pansi pa funso lililonse anayankha ndi pensulo. Amayi anati awerenge mokweza.

Mswachi wake ndi wa mtundu wanji? Wobiriwira, koma amaba wanga. Amagona mbali iti? Yakukhoma, amaopa chitseko. Amagwirizana ndi apongozi ake? Ayi, koma onse awiri amabisa shuga malo amodzi. Ndipatseni chaka china.

Patsamba lomaliza panali funso limene Loya sanakhulupirire kuti ofesi iliyonse imafunsa. Mudzatani pempho likakanidwa? Yankho linali lalifupi: ndipita naye, magetsi ali konsekonse.

Amayi anadzuka pang'onopang'ono, n'kuchotsa ovolosi ya malemu pamsomali wa kuseri kwa chitseko. Anaipinda manja kaye, kenako miyendo, n'kuiika m'sutikesi pamwamba pa madiresi a mpongozi wawo, kumbali imene sinali yakukhoma, mbali imene malemu ankagona.