Kachidutswa Kopanda Kanthu

Tisungeni analota kuti fomu ya pa intaneti imene anailembera pulogalamu, ija yolembetsera anthu okhudzidwa ndi madzi osefukira, yasanduka zenera la ofesi yake. Kunja kunali mtsinje, dzuwa lili paliwombo. Anthu ankabwera akuyenda pamwamba pa madzi, aliyense n'kusolola m'kamwa chingwe chachitali cha zilembo.

Ntchito yake inali kudula paliponse pamene pali chizindikiro cha &, kudulanso pa =, n'kuponya mayankho motsatana m'mabokosi anayi: dzina, mudzi, tsiku lomwalira, tsiku lolembetsa. Sizasi anamubwereka malume ake a Fulaye, telala amene anamwalira zaka zisanu zapitazo. Anaima pambali, tepi idakali m'khosi.

"A Tisungeni, zidutswa zopanda kanthu mukuziika kuti?" anafunsa.

"Ndimataya, malume. Ndinalemba choncho kuti pazioneka paukhondo."

Ukhondo wakewo! Mtsikanayu chiyambire ali mwana sankapirira kuona mpata ungokhala.

Kenako anafika mayi ake, chitenje chonyowa, akupuma bwinobwino. Chingwe chawo chinali chotere:

dzina=Nazimbiri&mudzi=Chapinga&anamwalira=&analembetsa=lero

Dzanja linali litazolowera. Pambuyo pa "anamwalira=" panalibe kanthu, choncho anakadula n'kukaponya mumtsinje. Bokosi lachitatu, la tsiku lomwalira, linatsala pululu, ndipo mawu oti "lero", poona malo, anayamba kukwawira momwemo ngati mbozi.

Mayiwo anayala chitenje pamadzi n'kugona chagada.

"Mwatilemba, mwanangu. Zikomo," anatero.

Mantha anamugwira Tisungeni.

"Malume, nditolereni kachidutswa kaja!"

"Kalibe kanthu. Tikakazindikira bwanji m'madzimo?"

"Lero" anali atafika kale pamilomo ya bokosi. Tisungeni anaponya sizasi pansi, n'kupisamo manja onse awiri, kufumbata malo opanda kanthuwo. Mawuwo anamuluma zala, koma sanasunthe. Mayi ake anatsegula diso limodzi.

"Ndigwira mpaka liti, malume?"

"Mpaka mutakonza mzere wa pulogalamu munalemba uja, wotaya zopanda kanthu. Ndi waufupi. Muuze pulogalamu kuti chopanda kanthu nacho chili ndi malo ake."

Kompyuta inali pomwepo patebulo, mzerewo ukuoneka. Chapatali anamva mnzake wa muofesi akumugwedeza phewa, akuti nthawi yopuma yatha, anthu ayamba kale kudzaza fomu.

Kuti Tisungeni alembe pankafunika dzanja, ndipo manja ake onse awiri anali m'bokosi.