Mpata Kumanzere kwa Amayi

"Malinga kamera ili m'manja mwanga, kumanzere kwa amayi sikudzaima munthu wina." Anatero achemwali anga tsiku limene ndinkanyamuka, atatijambula tonse m'situdiyo imene bambo anatisiyira.

Ndinabwerako imvi zili mbuu. Kunjako ndinazungulira nyumba zoonetsera zithunzi, ndinawerenga mabuku onenepa olembedwa ndi anthu osadziwa kujambula, koma chimene chinandiimika chilili ndi khoma la achemwali: chithunzi cha banja chaka ndi chaka, chilichonse chili ndi mpata wanga.

Choyambirira chinali choipa. Mpatawo unkaoneka ngati pamene pachoka dzino.

"Apa munalephera," ndinatero.

"Iwe, wabwera kudzandiphunzitsa? Ona chinacho."

Pa chinacho achemwali anawandandalika ana awo motsetsereka, wamtali mpaka wamfupi, moti diso linkatsika mutu ndi mutu n'kukagwera mumpata muja. Amuna awo, chimunthu chamimba, anawakankhira kumapeto kwenikweni, kumanja.

"Chithunzi chili ngati katundu wa pamutu," anatero achemwali. "Kukalemera mbali imodzi chimagwa. Ndiye malo opanda kanthu amalemera kuposa munthu. Alamu akowa ndi thupi lonseli ankangokwanira kulimbana ndi mpata wakowo."

"Ndinanenepera inu, alamu!" anakuwa mwini wake ali kuseri kwa katani.

Ndinaseka, n'kupitirira, mphuno ili pafupi ndi galasi. Mpata unalipobe, koma ndinaona china: chaka chilichonse mutu wa amayi unkapendekera komweko.

"Munkawauza ndinu kuti apendekere?"

"Ndinkawawongola. Ndikangobwerera ku kamera, apendekeranso." Anapukuta fumbi pafelemu ndi chala. "Aliyense wolowa muno ankafunsa kuti apa pakusowa ndani. Diso limathamangira pamene palibe kanthu. Nkhope ya amayi panalibe ankaiona."

Chomaliza anachijambula chaka chimene amayi anatisiya, maliro amene ine ndinangowamvera pafoni. Amayi ali pampando pakatikati, owonda, khosi lili njo. Kuwala kwa pawindo, mapewa a ana, mikono ya akulu, zonse zinkaloza nkhope yawo, ndipo diso likafikapo silinkafunanso kuchoka. Chinali chithunzi chokongola kuposa zonse pakhomapo. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali, ndikufufuza chimene achemwali anasintha.

Kumanzere kwa amayi kunaima alamu, dzanja lili paphewa pawo.