Ola Langa ndi Alangizi

Chipinda chija chinali ndi mabedi anayi, ndipo woyala ndinali ine. Abwana anawatulutsa onse, napaka makoma penti yobiriwira, naikamo sofa, duwa lapulasitiki ndi kabokosi ka tishu. Akuti ndi kopumulira ife ogwira ntchito. Zinayamba mnzathu wina atalira pakati pa ntchito, n'kuvula epuloni, n'kupita osabweranso. Abwana anachita mantha kuti titha tonse, ndiye anapeza alangizi oti azibwera Lachinayi lililonse kudzatimva zakukhosi.

Ntchito yanga ndi ya pachitseko cha nyumba yogonamo anthu osowa pokhala. Timatsegula dzuwa likapendeka. Ndimalowetsa anthu mmodzimmodzi mpaka mabedi atadzaza, kenako ndimayang'ana otsalawo kumaso n'kuwauza kuti malo atha. Mawu amenewa andilowa m'magazi. Amuna anga amandiseka kuti tsiku lina anandikhudza ndili m'tulo, ine n'kuwayankha kuti malo atha, abwere mawa. Iwo amaseka, koma ine sindiseka, chifukwa chitulutsireni mabedi aja ndimabweza anthu ena anayi pamwamba pa amene ndinkabweza kale. Mankhwala a mutu wanga amene abwana anandipezera anakhala amenewo.

Choncho m'chipindamo ndinakana kupondamo. Anzanga ankalowa, kutuluka maso ali psuu, kunena kuti alangiziwo ndi mayi womvetsera bwino. Ine ndinkangoti zikomo. Mapeto ake abwana anandiitanitsa.

"Mayi, mwayamba kukalipira aliyense. Dzulo mwakalipira ngakhale wobweretsa buledi. Lachinayi lino mukaonane ndi alangizi. Mukakana ndikuchotsani pachitseko."

Lachinayilo kunagwa mvula yosalekeza. Alangizi anachedwa nayo, moti ola langa linagundana ndi nthawi yotsegula. Mabedi anadzaza msanga. Kumapeto kwa mzere kunatsala mkulu wina amene timamutcha Achikhoti, chifukwa chikhoti chawo chachitali savula ngakhale kutenthe bwanji. Ali ndi bala pamwendo, ndiye pamzere amafika mochedwa masiku onse. Mlungu umenewo ndinali nditawabweza kale kangapo. Anaima pamenepo madzi akuchucha m'ndevu, osapempha kanthu. Anangoyamba kutembenuka okha ndisanayankhule, ngati akundipeputsira ntchito. Chimenecho n'chimene chinandipsetsa mtima.

"Bambo, tiyeni kuno," ndinatero.

Ndinawagwira mkono mpaka kuchipinda chobiriwira. Alangizi anali atakhala pampando, mayi wochepa thupi wa magalasi, nsapato zili zonyowa. Ataona kuti tabwera awiri anaimirira.

"Amayi, ola limeneli ndi langa?" ndinafunsa.

"Ndi lanu."

"Ndingachite nalo zimene ndikufuna?"

Anayang'ana Achikhoti, nayang'ana ine. "Tiyeni tione," anatero.

Ndinawakhazika Achikhoti pasofa, ndikuwavula nsapato, ndikupukuta mwendo wa balawo ndi matishu aja mpaka kabokosi kanatsala kopanda kanthu. Sanachedwe, anapendekera kumbali n'kuyamba mkonono. Ine ndinakhala pansi, msana kukhoma, kudikira kuti mayiyo ayambe kundiphunzitsa za malire a pantchito.

Sanandiphunzitse. Anakokera mpando wawo pambali, nakhala pansi pomwepo pafupi nane, siketi yawo yabwinoyo pasimenti.

"Mwakwiyira ndani kwenikweni?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinkafuna kunena kuti abwana. Pakamwa panatuluka zina. Ndinawauza za mtsikana amene ndinamubweza chaka chatha ali ndi pakati, amene sindinamuonenso. Ndinawauza kuti ndikamapita kunyumba ndimazungulira njira yaitali kuopa kudutsa pansi pa mlatho, chifukwa ogona pamenepo amandipatsa moni mwaulemu, ine amene ndawatsekera chitseko. Ndinawauza kuti mwana wanga wamkazi anasiya kundiuza za kusukulu poti ndimamuyankha ngati ali pamzere. Ndinalira, ndipo zinandinyansa kuti ndikulira m'chipinda chimenechi. Popukutira panalibe, ndinapukutira epuloni.

"Simukudwala," anatero alangizi. "Mwatopa, ndipo chakutopetsanicho n'choona. Koma mwanayo musamusiye. Mlungu wamawa tidzayambire pa iyeyo."

Ndisanayankhe chitseko chinagogodwa. Anali abwana, atamva kale kwa mlonda. Alangizi anatsegula pang'ono nawauza kuti ola silinathe, adikire panja. Ndinayamba kuwakonda mayi ameneyu. Koma ola limatha, ndipo litatha abwana analowa, naima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno.

"Mayi, mukudziwa kuti tili ndi chiwerengero chimene sitiloledwa kupitirira. Akabwera oyendera atitsekera nyumba yonse. Chipinda chino ndinachimenyera nkhondo chifukwa cha inu nomwe, kuti musagwe ngati mnzanu uja."

Sankanama, ndipo ndicho chinkandiwawa. Munthuyu si woipa. Kungoti ofesi yake ili kumbuyo, mawindo ake amayang'ana kumene timayanika mabulangete.

"Ndamva, bwana," ndinatero.

"Ndiye adzutseni, muwaperekeze kuchitseko."

"Ayi."

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayi. Lero ndapuma, si paja chipinda chino n'chopumuliramo? Adzutseni ndinu. Mawu ake ndi awiri okha, malo atha. Muwayang'ane kumaso ponena, amamva bwino akamakuonani."

Abwana anatembenukira kwa alangizi ngati akupempha thandizo. Mayiyo anali kalikiliki kupukuta magalasi awo. Abwana anasendera pasofa, nawerama. Achikhoti anali atapinda miyendo ngati mwana, chikhoti chikudontha madzi pansi, bala lili poyera. Dzanja la abwana linafika pafupi ndi phewa lawo n'kuima m'malere. Kunja mvula inali ikulirabe pamalata. Kenako abwana anaweramuka, nkhope itagwa.

"Makiyi," anatero osandiyang'ana. "Mawa m'mawa mubwere ku ofesi. Nkhani imeneyi siithera pano."

Ndinamasula makiyi m'chiuno n'kuwaika m'dzanja lawo. Mantha ndinali nawo, ndisaname, poti ntchito siipezeka mwachisawawa ndipo kunyumba amadalira ine. Komabe ndinalunjika kuchitseko.

"Lachinayi ndikupezani?" anafunsa alangizi ndikutuluka.

"Ngati sanandichotse. Akandichotsa mudzandipeze panja, pamzere."

Ndinapita kukatenga jekete ndi ambulera. Pobwerera ndinasuzumira m'chipinda muja. Abwana anali ataima pomwe paja, makiyi anga ali m'manja, ndipo Achikhoti anali akugonabe.