Kabokosi ka M'thumba la Jekete

Jekete linali lisanakhazikike bwino m'mapewa pamene bambo aang'ono anamva chinthu cholimba m'thumba la m'kati. Mwini jeketelo, mkulu wawo telala, anali atangoikidwa dzana, koma abale ndi otero: misozi ikangouma, maso amayamba kuyeza zovala.

"Akulu anali ndi wotchi yagolide osatiuza?" anatero akutulutsa kabokosi kozungulira, kokulungidwa m'kansalu koyera.

Mayi wamasiye atakaona anagwada pasimenti pomwepo.

"Alamu, ikani patebulo. Pang'onopang'ono. Muli Ambuye mmenemo."

Telalayo anali mmodzi mwa amene parishi inkawatuma kukapereka Ukaristia kwa odwala. Anagwa Lamulungu pamalo okwerera basi, Misa itangotha, ndipo achipatala anabweza zovala zake m'jumbo osapisa m'matumba. Masiku onse a maliro, anthu akuyimba ndi kudya, Thupi la Khristu linali pansi pa bedi pamodzi ndi nsapato.

Bambo aang'ono anavula jekete lija ngati lalowa linthumbu. Mayi anayatsa kandulo, natuma mwana wawo wachisamba, makaniko, kuti akatenge Bambo Mfumu pagalimoto.

Wansembeyo, nkhalamba ya miyendo yotupa, anagwada movutikira, natsegula kabokosi.

"Uwu unali wa dalaivala uja wa kuseri kwa msika," anatero.

Dalaivalayo ndi amene, ataledzera, anagunda ndi lole mwana wamkazi wa telala akuchokera kusukulu. Anakagwira ndende, anatuluka, kenako anafa ziwalo mbali imodzi.

"Bambo anga ankapita kwa chigawenga chija?" anafunsa makaniko.

"Lamulungu lililonse," anayankha wansembe. "Osadumpha. Ndinafuna kutumako wina, iwo anakana. Anangoti, 'Ameneyo ndi wanga.'"

"Amayi, inu mumadziwa?"

"Ndimadziwa. Chaka chathunthu sindinkawayankhula likafika Lamulungu." Mayi anayang'ana kandulo. "Koma kansaluko ndinkasita ndine."

"Bwezani kutchalitchi, Bambo," anatero makaniko. "Bwezani. Wopha mwana alandire Ambuye? Mlongo wanga sanafike n'komwe pa mgonero woyamba!"

"Analapa, mwana wanga. Chimene Mulungu wafufuta ine sindingachilembenso. Ndipo Ambuye ananyamuka kale ulendo wa kwa iye, angochedwa panjira. Miyendo yanga ukuiona. Undiperekeza kapena ndiyende pansi?"

Makaniko anatola makiyi. "Ndikakusiyani pakhomo. Ine sindikatsika."

Anafika kunyumba kwa dalaivala. Koma pakhomopo panali masitepe, ndipo nkhalambayo sikanakwera yokha itafumbata kabokosi pachifuwa. Makaniko anaigwira mkono mpaka anapezeka ali m'kati.

Chipinda chinali chaching'ono, chonunkha mankhwala. Dalaivala anali pabedi atatsamira khoma, wowonda, pakamwa popotoka, ndevu zitamera mpaka m'khosi. Pampando pambali pake panali beseni la madzi, sopo ndi lezala.

Mlongo wake wa wodwalayo, amene ankamusamalira, anagwadira kabokosi, nayamba kupepesa.

"Musadabwe ndi ndevuzi, Bambo. Atelala ankayamba amumeta kaye. Ankati munthu asalandire Ambuye nkhope ili ngati tchire. Chimwalirireni iwo, wakana kuti wina amukhudze. Madzi okha amandiuza kuti ndiziika m'mawa uliwonse."

Wansembe anayang'ana manja ake. Ankanjenjemera kotero kuti ngakhale kabokosi kankagwedera. Manja otere sakanameta munthu.

Makaniko anatola lezala lija. Analizindikira. Linali la kwawo, la chogwirira chakuda, limene bambo ake anati linasowa kalekale.

Dalaivala anamuyang'ana nthawi yaitali. Mphumi ndi mphuno zinali za telala, sakanasokoneza.

"Ndinu achimwene ake a mwana uja," anatero movutikira.

"Ndine amene."

Wodwalayo anatsinzina, nakweza chibwano. Khosi lonse linakhala poyera, mtsempha ukugunda pansi pa ndevu.

Makaniko anaima pomwepo, lezala lili m'manja. Mlongo wa wodwalayo anagwira pakamwa. Kenako makaniko anaviika chala m'beseni, nakwinya nkhope.

"Madzi awa ndi ozizira," anatero. "Bambo anga sakanameta munthu ndi madzi otere. Tenthetsani ena."

Anaika lezala pambali pa sopo, nayamba kupinda mikono ya malaya.